Ndalama za SIG ndi masewera a ana m'sukulu zathu kuno ku Dedza

Mayi a Tadala, Linthipe: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndikupempha maganizo, makamaka kwa aphunzitsi ndi anzanga a m'makomiti a sukulu. Sabata yamawa tikhala pansi kulemba SIP, pulani ija imatsogolera kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za SIG, thandizo lotukulira sukulu lochokera kuboma. Ine ndikufuna kukapempha kuti chaka chino tiikemo masewera. Anyamata athu akutha chaka chonse akukankha chikulunga cha majumbo, atsikana alibe ngakhale mpira umodzi wamanja, mitengo ya zigoli nayo inadyedwa ndi chiswe. Kodi malamulo a ndalamazi amalola zimenezi? Nanga kwanuko munayesapo?

A Jere, Lobi: Mayi, ndisanafike ku malamulo ndifunse kaye. Zimbudzi pasukulu panupo ndi zokwanira? Ana a sitandade 1 akukhala pa desiki kapena padothi? Kuno kwathu m'mwezi wa June ana amaphunzira pansi pa mtengo akunjenjemera ndi chisanu cha Dedza chomwe nonse mukuchidziwa. Ine munthu atandiuza kuti tigule mpira mwana alibe pokhala, sindingavomere.

Mayi a Tadala, Linthipe: Zimbudzi tinamanga chaka chatha a Jere, njerwa ndi mchenga anatuta ndi makolo. Madesiki ndiye ndi osakwanira, zimenezo sindingabise. Koma madesiki sadzakwana chaka chino ngakhale chamawa. Ndiye ana adikire mpaka liti?

Madamu Nabanda, Mayani: Ndiyankhe za malamulozo poti ndine mphunzitsi. Ndondomeko yomwe tinapatsidwa imagawa ndalama za SIG patatu. K50 pa K100 iliyonse ndi yokweza ubwino wa maphunziro, K40 ndi yothandiza kuti mwana aliyense afike pasukulu ndi kukhalapo, K10 ndi ya kayendetsedwe ka sukulu. Tsono masewera olimbitsa thupi ali m'silabasi, mkati mwa phunziro la Expressive Arts. Choncho mpira, chingwe cholumpha ndi wezulo ndi zipangizo zophunzitsira, chimodzimodzi choko ndi tchati. Chachikulu n'chakuti zilembedwe mu SIP, makolo agwirizane nazo pamsonkhano, a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale m'zoni yanu, aione. Chomwe sichinalembedwe mu pulani n'chovuta kuchigula pakati pa chaka.

Mayi a Tadala, Linthipe: Zikomo madamu, apa mwandimasula.

Madamu Nabanda, Mayani: Koma ndisakunamizeni mayi. Mpira mungagule, vuto lalikulu lili pa nthawi. Ola la masewera likakwana, ambirife timapitiriza masamu kapena Chingerezi, makamaka kuyambira sitandade 6 kupita m'mwamba. Mayeso a PSLCE, omaliza a sitandade 8 aja, ndi olemba, za masewera zimangobwera ngati mafunso m'pepala la Arts and Life Skills. Mwana akhoza kukhoza funso la kukula kwa bwalo la mpira wamanja asanaponyepo mpira m'chigoli. Zotsatira zikatuluka makolo amafunsa kuti ana angati asankhidwira ku sekondale, palibe amafunsa kuti angati amatha kuthamanga. Ndiye mphunzitsi amathamangira komwe akafunsidwe.

Agogo aphunzitsi, Bembeke: Ana anga, ndiloleni nane ndiikepo mawu, poti ndinagwira choko kuyambira nthawi ya Kamuzu mpaka ndinapuma. Kale masewera olimbitsa thupi anali phunziro palokha, lokhala ndi nthawi yakeyake, ndipo mphunzitsi ankalemba pulani yake monga amalembera ya masamu. A Payoniya, gulu la achinyamata la boma la Kamuzu lija, nawonso ankabwera m'sukulu kudzachititsa masewerawa. Sindikuwayamikira pa zonse ayi, ena anali ankhanza ndipo ana ankawaopa, koma pabwalo sipankamera thengo. Gululi linathetsedwa mu 1993. Chaka chotsatira, 1994, kunabwera maphunziro aulere a pulayimale, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino kwambiri, ana a anthu osauka analowa m'kalasi. Koma makalasi anadzaza, aphunzitsi ambiri analembedwa mwachangu, ndipo aliyense anayamba kulimbana ndi zoti mwana adziwe kuwerenga basi. Kenaka silabasi yatsopano itayamba mu 2007, masewera anawaphatikiza ndi nyimbo, magule, zisudzo ndi zojambula kukhala phunziro limodzi. Mphunzitsi wokonda kuimba amangoimbitsa, wokonda kujambula amangojambulitsa. Ndiye mukamakamba za ndalama, dziwani kuti chinatayika si mpira wokha. Chinatayika ndi mphunzitsi wodziwa chochita ndi ana 100 pabwalo.

Madamu Nabanda, Mayani: Agogo mwalasa. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma ine kalasi yanga yadutsa pamenepo kutali. Kuwatulutsa onse panja ndi mpira umodzi, osewera amakhala 22, ena onse ayima m'mbali akuonerera, ena athawira kumsika.

Achimwene a Dynamos, Dedza boma: Akuluakulu, ine ndili kumbali ya mayi a Tadala, koma tiyeni tiganize zazikulu. Temwa Chawinga ndi mkulu wake Tabitha anakulira ku Rumphi, kumudzi ngati kwathu kuno. Mu 2024 Temwa anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya mpira wamiyendo ya amayi ya ku America ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Mwawi Kumwenda anapatsidwa ulemu womwewo pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja ku Sydney mu 2015. Ma Scorchers, timu ya dziko lathu ya amayi ya mpira wamiyendo, anatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Ana a luso lotere ali ku Kasina, ku Thete, ku Golomoti, kungoti palibe akuwaona. Ine ndikuti gulani majezi a timu ya sukulu ndi nsapato, muikenso ndalama ya galimoto yopitira ku mipikisano ya MASSA, bungwe loyendetsa masewera a m'sukulu. Mwana akavala jezi mtima umakwera. Dedza Dynamos yasewerapo mu Super League pakhomo pathu pomwe pano, osewera ake a mawa achokera kuti ngati si m'mapulayimale athuwa?

A Jere, Lobi: Ee, ndi zimene ndimaopa zija. Ndalama za ana onse zithere pa ana 11 ovala majezi.

Achimwene a Dynamos, Dedza boma: Koma bambo, ana enawo amalimbikitsidwa akaona anzawo akupambana.

Agogo aphunzitsi, Bembeke: Mwana wanga wa kubomawe, zomwe wanena za atsikana aja n'zoona ndipo tonse timanyadira. Koma pa majezi ndili ndi a Jere. Jezi ndi ya timu, pomwe ndalama ya boma imabwera m'dzina la mwana aliyense wolembedwa m'kaundula, wonenepa, woonda, wamanyazi, wolumala. Ndalama ya seti imodzi ya majezi ikhoza kugula mipira ingapo, pampu, mawezulo ndi zingwe zambiri za sisalo. Ukatero kalasi umaigawa m'magulu, awa mpira, awa jingo, awa fulaye, awa kuthamanga kopatsirana kamtengo, kenaka wezulo ikalira asinthana. Palibe woima m'mbali. Ndipo waluso uja amaonekera momwemo, chifukwa ana onse agwirako mpira. Mukayamba ndi timu mumangosankha ataliatali amene mukuwadziwa kale.

A Jere, Lobi: Ndifunsenso china, ndipo ndikufunsa moona mtima. Mwana wa kumudzi kuno amadzuka m'mamawa kukatunga madzi, amayenda mtunda wautali kupita kusukulu, akaweruka ali kudimba kuthirira kachewere kapena kubusa. Thupi lake likusowanso kulimbitsa kotani? Izi si nkhani za ana a ku Lilongwe ongokhalira wailesi ya kanema?

Anamwino, Mtakataka: Funso labwino a Jere. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zinthu zogwedeza thupi kwa mphindi 60 patsiku, ndipo n'zoona kuti ana ambiri akumudzi amakwanitsa zimenezi ndi ntchito zapakhomo. Koma kusenza ndowa pamutu ndi kuwerama ndi khasu kumalemetsa khosi ndi msana, si kofanana ndi kuthamanga, kulumpha ndi kuwakha, komwe kumaphunzitsa maso, manja ndi miyendo kugwirizana. Chinanso, kuntchito mwana amangolamulidwa. Pamasewera amaphunzira kudikira nthawi yake, kugonja osamenya mnzake, kumvera woimbira ngakhale sakugwirizana naye. Ine ndimaona achinyamata ambiri obwera ndi mabala a ndewu za kumpira, ndipo ndimati akanaphunzira ali aang'ono.

Anamwino, Mtakataka: Ndionjezere pempho langa kwa a makomiti. Mukaika masewera mu pulani, muikemonso kabokosi ka chithandizo choyamba, mabandeji, thonje, mankhwala otsukira bala, ndi ndowa ya madzi akumwa pafupi ndi bwalo. Kuno kumunsi kwa Mtakataka ndi Golomoti dzuwa la October si la masewera a masana, azisewera m'mawa. Kumtunda kwanuko mwina ndi zosiyana. Ndipo mwana amene sanadye kanthu musamuthamangitse, m'miyezi ya January ndi February ana ambiri amabwera m'mimba muli pululu. Komwe kuli phala, masewera azibwera ana atamwa.

A Jere, Lobi: Za njalazo ndi zomwe ndikunena ine.

Madamu Nabanda, Mayani: A Jere, ndikuuzeni zomwe ndimaona ndi maso anga. Tsiku lomwe ana akudziwa kuti masana kuli mpira, kalasi imadzaza, ngakhale anyamata aja amajomba tsiku la msika amabwera. Pitani pa Chimbiya kapena pa Bembeke nthawi ya sukulu mukaone ana angati akugulitsa tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu. Desiki ndi yofunika, koma desiki yopanda mwana ithandiza ndani? Kusunga mwana pasukulu ndi cholinga chenicheni cha gawo lija la K40.

Nangozo wa Mother Group, Kasumbu: Pepani ndalowa mochedwa, netiweki inavuta. Ine ndilankhulire atsikana. Ku sitandade 2 ndi 3 amasewera mosaopa, phada, fulaye, chipako, ngakhale mpira wamiyendo pamodzi ndi anyamata. Akangotha msinkhu amasiya. Chifukwa chake timachidziwa ife amayi. Alibe chovala chamkati chodalirika, alibe posinthira, akuopa kuti diresi ikauluka anyamata aseka, ndipo masiku a kumwezi ambiri sabwera n'komwe. Ndiye mukagula mpira wamanja osaganizira zimenezi, udzaseweredwa ndi ana aang'ono okha. Ife tikanakonda pagulidwe nsalu, tisoke tokha makabudula ovala mkati mwa yunifolomu ndi mapadi ochapa, telala tili naye m'gulu mwathu. Chachiwiri, ana akamapita kukasewera kusukulu ina, pazikhala mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa gulu lathu, ndipo azibwerako dzuwa lisanalowe. Makolo ambiri amakaniza ana awo aakazi chifukwa cha maulendo obwera usiku amenewa, ndipo sindiwadzudzula.

Mayi a Tadala, Linthipe: Nangozo, izi sizinali m'mutu mwanga ngati nkhani ya masewera, koma ndazilemba. Zikomo kwambiri.

Bambo a Yamikani, Chimbiya: Mwana wanga amayendera ndodo, mwendo wake unapuwala ali wakhanda. Nthawi ya masewera amamuuza kuti asunge zikwama za anzake. Amabwera kunyumba osalankhula. Manja ake ndi amphamvu kuposa a anzake ambiri, akhoza kuponya, akhoza kuwakha, bawo ndiye amagonjetsa ngakhale ine. Sindikupempha zodula. Ndikungopempha kuti amene akukaphunzitsa aphunzitsi za masewerawa akawauzenso kuti ana ngati wanga alipo.

Agogo aphunzitsi, Bembeke: Bambo, mawu anu andikhudza. Pa zonse zomwe zanenedwa pano, ine ndikanaika ndalama patsogolo pa kuphunzitsa aphunzitsi. Zoni iliyonse ili ndi TDC, malo osulirako aphunzitsi, ndipo aphunzitsi amakumanako kale pa maphunziro ena. Sukulu za m'zoni imodzi zitagwirizana, iliyonse n'kutumiza aphunzitsi awiri, wamwamuna ndi wamkazi, kukaphunzira kayendetsedwe ka masewera pa kalasi yaikulu, kuphatikizapo ana olumala, phindu lake lingakhale zaka. Mpira umaphulika teremu imodzi pa mabwalo athu amiyalawa. Pano pa Bembeke tili ndi koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's, anthu odziwa za Expressive Arts sali kutali. A PEA akhoza kupempha.

Amfumu, dera la Kaphuka: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Nonse mukukamba za mpira, koma mpirawo udzaseweredwa pati? Malo a sukulu zambiri anaperekedwa ndi makolo athu pakamwa, popanda pepala. Lero anthu achuluka, wina walima mizere iwiri m'mphepete mwa bwalo, chaka chamawa isanu, wina waumba njerwa pakona n'kusiya dzenje. Milandu yotere imafika kwa ife mafumu mochedwa, chimanga chitakula kale. Pempho langa kwa makomiti ndi lakuti itanani mafumu onse ozungulira sukulu, tiyende malire pamodzi anthu akuona, tibzale mitengo kapena khonje m'malirewo, zilembedwe. Zimenezi sizifuna ndalama ya boma. Kusalaza bwalo ndi makasu nakonso ndi ntchito yathu ya chitukuko, monga timachitira poumba njerwa.

Achimwene a Dynamos, Dedza boma: Zikomo amfumu. Koma pali mabwalo ena otsetsereka moti makasu sangathe, kuno ndi kumapiri. Pamafunika thirakitala.

Amfumu, dera la Kaphuka: Zikatero si za SIG ayi, ndalama ija ndi yochepa. Imeneyo ndi nkhani yopita ku VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ikwere ku ADC, komiti ya chitukuko cha dera, ikafike kukhonsolo, kuti ione ngati ingalowe mu thumba la CDF, la chitukuko cha dera la phungu. Ndipo ndinene pano poyera. Nthawi ya kampeni timaona mabonanza, matimu a akuluakulu akulimbirana ndalama pa bwalo la sukulu, fumbi kobo, mawa lake ana atsala ndi bwalo lokumbika ndi mabotolo osweka. Andale athu akanati ndalama zimenezo aziika pa zigoli zachitsulo ndi kusalaza mabwalo, dzina lawo likanakhala nthawi yaitali.

Msungichuma, Golomoti: Ine ndi amene ndimasaina nawo cheke kusukulu kwathu, ndiye ndikuchenjezeni pa ziwiri. Choyamba, mitengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu yense wochokera kunja anakwera, mipira ndi mapampu zomwe. Musalembe mu pulani mtengo wongoganizira, pitani mukatenge makoteshoni atatu m'masitolo, ndipo dziwani kuti pofika nthawi yomwe ndalama zalowa mu akaunti mtengo ukhoza kukhala utasinthanso. Chachiwiri, kasungidwe. Kwathu tinagulapo mipira, pasanathe miyezi ingapo ina inapezeka ku timu ya anyamata a m'mudzi, ina sinaonekenso. Panalibe amene analemba kuti watenga ndani. Panopa tili ndi kope, mpira uliwonse talemba dzina la sukulu ndi penti, wotenga amasaina, ndipo malisiti timamata pa bolodi kuti kholo lililonse liwerenge.

A Jere, Lobi: Apa ndiye mwayamba kulankhula chilankhulo changa a msungichuma. Ine chimene chimandiwawa ndi ndalama yolowa m'zinthu zosaoneka. Desiki ndimaiona, ndikhoza kuiwerenga chaka chamawa.

Msungichuma, Golomoti: N'chifukwa chake ine ndimakonda zigoli zachitsulo zozika ndi simenti. Zimadula tsiku logula, koma chiswe sichidya, munthu sangazule kukasonkhera moto, ndipo a Jere mukhoza kudzaziwerenga zaka zikubwerazi. Owotcherera zitsulo alipo pa boma ngakhale m'matauni ang'onoang'ono. Mizere ya bwalo timalemba ndi phulusa, laimu n'ngosafunika.

Achimwene a Dynamos, Dedza boma: Chabwino, za majezi ndagonja, tikapempha kwa amalonda ndi ana a sukulu akale omwe ali ku Lilongwe ndi ku Joni. Koma mipikisano ya zoni isafe chonde. Ndipo aphunzitsi, tiyeni tinene zoona, mchitidwe wobweretsa anyamata andevu omwe sali pasukulu kuti timu ipambane ukupha luso. Kamwana ka zaka 12 kakagundidwa ndi munthu wotero sikabwereranso pabwalo.

Madamu Nabanda, Mayani: Zimenezo zimachitika ndipo n'zochititsa manyazi. Mankhwala ake ndi kubwera ndi kaundula wa kalasi pa tsiku la masewera, ahedi a sukulu ziwirizo asaine mayina mpira usanayambe. Pa za maulendo, sukulu zoyandikana ana akhoza kuyenda wapansi ndi aphunzitsi awo. Chimene ndimakana ine ndi kuunjika ana pa lole yopanda mipando m'misewu yathu yotsika mapiri, ngati uja wa ku Golomoti. Ndalama ikachepa, bola masewerawo achitikire pafupi.

Anamwino, Mtakataka: Pa lole ndikugwirizana nanu ndi mtima wonse madamu.

Agogo aphunzitsi, Bembeke: Musaiwalenso magule. Ngoma ya Angoni, chimtali, chisamba cha ana, zonsezi ndi thukuta lenileni ndipo zili mu Expressive Arts momwemo. Ng'oma imapangidwa m'mudzi, akuluakulu odziwa kuvina alipo ndipo ambiri angasangalale kuitanidwa kusukulu. Mwana amene mpira sumukomera apeza pake pamenepo.

Mayi a Tadala, Linthipe: Ndathokoza nonse, kope langa ladzaza. Chomwe chikundidetsa nkhawa tsopano ndi mawu a madamu Nabanda oyamba aja, akuti ola la masewera limadyedwa ndi masamu. Ife a komiti tingagule zonsezi, koma sitingalowe m'kalasi kukatulutsa ana. Tingatani kuti zisakagone mu ofesi ya ahedi?

Madamu Nabanda, Mayani: Kambiranani ndi ahedi pamsonkhano womwewo, makolo ali pomwepo, kuti ndandanda wa maphunziro umatidwe poonekera ndipo ola la masewera lilemekezedwe kuyambira sitandade 1 mpaka 7. A sitandade 8 teremu ya mayeso tikhoza kuwamvetsa, ngakhale iwonso mutu umafuna kupuma. Makolo akanena okha kuti tikufuna ana azituluka, mphunzitsi saopanso kuti adzanenedwa kuti akungosewera ndi ana. Ambirife mantha athu ndi amenewo. Komanso a PEA akamabwera kudzayendera, apempheni kuti tsiku lina adzaonerere phunziro la pabwalo, osati la m'kalasi lokha.

A Jere, Lobi: Ine sindinasinthe pa madesiki, ndipo kwathu ndikalimbikira kuti gawo lalikulu lipite kumeneko. Koma zingwe, mawezulo, mipira iwiri itatu ndi nsalu za atsikana zija sindikatsutsa, bola kope la a msungichuma likhalepo. A msungichuma, tajambulani tsamba limodzi la kope lanulo mutitumizire pano, tione m'mene munalembera mizati yake.

Msungichuma, Golomoti: Kope lili kusukulu, ndikajambula mawa m'mawa ndikakumana ndi ahedi. Mayina a ana ndikaphimba.

Nangozo wa Mother Group, Kasumbu: Mayi a Tadala, mundiimbire madzulo ano ndikuuzeni kuti kabudula mmodzi amadya nsalu yochuluka bwanji, kuti mukapite kumsonkhano muli ndi chiwerengero chenicheni.

Amfumu, dera la Kaphuka: Ndipo mafumu a kwanuko muwauze msanga za kuyenda malire, anthu asanayambe kugalauza. Mizere ikangopangidwa m'bwalomo, nkhani idikira mpaka kukolola.